KODI M'NYANJA MULI YURENIYAMU?

Mu Ogasiti chaka cha 2025 mgodi wa yureniyamu wa ku Kayelekera, m'boma la Karonga, unayambanso ntchito utakhala chitsekere zaka 11. Kuyambira pamenepo dzina la mwala umenewu likumveka kawirikawiri pa wailesi ndi m'manyuzipepala. Pamodzi ndi nkhani imeneyi pamamvekanso ina yochokera kutali, yakuti akatswiri a ku Japan, ku America ndi ku China akuyesa kutenga yureniyamu m'madzi a m'nyanja popanda kukumba dzenje.

Tsono apa chinenero chikhoza kusokeretsa munthu. M'Chichewa mawu akuti nyanja ndi amodzi okha. Nyanja ndi imene msodzi wa ku Linga amaponyamo chilimira, ndipo nyanja ndi imenenso ili ku Beira ndi ku Nacala, ya madzi amchere, yoyendamo zombo zazikulu. Chotero munthu wa kwa Malengachanzi kapena wa kwa Kanyenda akamva kuti m'nyanja muli yureniyamu, sangalephere kufunsa mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti, kodi madzi amene ana amasamba ndi kumwa ali ndi poizoni? Lachiwiri ndi lakuti, kodi alendo adzabwera kudzatchera makina awo pamalo pamene anthu amakokerapo makoka? Mafunso onse awiri ndi anzeru, ndipo mayankho ake alipo. Koma kuti amveke bwino nkofunika kuyamba ndi mwala weniweniwo.

YURENIYAMU NDI CHIYANI?

Yureniyamu ndi mtundu wa chitsulo cholemera kwambiri, choposa ndi mtovu womwe. Chitini cha lita imodzi chitadzazidwa ndi madzi chimalemera kilogalamu imodzi, koma chitadzazidwa ndi chitsulo chimenechi chingalemere makilogalamu 19. Amene anayamba kuchizindikira ndi Mjeremani wina dzina lake Martin Klaproth m'chaka cha 1789. Kwa zaka zoposa 100 chinalibe ntchito yeniyeni, koma kukongoletsa magalasi ndi mbale zadothi kuti zioneke zachikasu.

Zinthu zinasintha m'chaka cha 1938 pamene Otto Hahn ndi Fritz Strassmann, a ku Germany komweko, anapeza kuti tinthu ting'onoting'ono timene timapanga chitsulochi, totchedwa maatomu, tingathe kusweka. Atomu imodzi ikasweka imatulutsa kutentha, ndiponso imaponya tizidutswa timene timakaswa maatomu ena, iwonso nkuswa ena, monga moto wa lupsa umayendera m'tchire. Moto umenewu ukalekereredwa kuti uyake wonse nthawi imodzi, ndiye bomba lija linawononga mzinda wa Hiroshima mu 1945, ndipo mwala wambiri wa ntchito ya mabomba oyambawo unakumbidwa ku Shinkolobwe m'dziko la Congo. Koma ukasungidwa m'ng'anjo yolimba kuti uziyaka pang'onopang'ono, umawiritsa madzi, nthunzi yake nkumazunguza makina opanga magetsi. Ng'anjo zoyamba zopereka magetsi kwa anthu zinali ya ku Obninsk ku Russia mu 1954 ndi ya ku Calder Hall ku Mangalande mu 1956.

Si yureniyamu yense amene amasweka motere. Pa maatomu 1,000 alionse, 7 okha ndiwo a mtundu wosweka msanga. Nchifukwa chake ufa wochokera ku mgodi sungaikidwe m'ng'anjo zambiri monga uliri. Umayamba wapita ku mafakitale a maiko ena kumene amausefa kufikira maatomu oswekawo atakwana 3 mpaka 5 pa 100 alionse, kenaka amauumba timibulu tating'ono ngati nsonga ya chala. Kambulu kamodzi kotere kamapereka kutentha kolingana ndi tani imodzi ya malasha onga a ku Mchenga.

Lero ng'anjo zotere zilipo pafupifupi 440 pa dziko lonse lapansi, ndipo zimafuna matani oposa 60,000 a yureniyamu chaka chilichonse. Mu Afirika muno magetsi a nyukiliya amapangidwa pamalo amodzi okha, ku Koeberg pafupi ndi Cape Town, kumene anayamba mu 1984. Dziko la Egypt linayamba kumanga ng'anjo zake ku El Dabaa mu 2022. Malawi alibe ng'anjo yotere. Magetsi a dziko lino ambiri amachokera ku mtsinje wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, ndipo ena ochepa amachokera ku dzuwa monga ku Salima ndi ku Nkhotakota konkuno. Komabe Amalawi sanayambe lero kugwira mwala umenewu. Kuyambira mu 1952 migodi ya golide ya ku Joni inkatulutsanso yureniyamu kuchokera m'miyala yomwe ija ya golide, ndipo madoda ambiri amene anapita pa Wenela anauphwanya ndi kuukweza m'ngolo, mwina osaudziwa ndi dzina lomwe.

ANAFIKA BWANJI M'MADZI?

Yureniyamu sapezeka ku Kayelekera kokha. Ali m'miyala pafupifupi yonse ndi m'dothi la m'munda uliwonse, koma wochepetsetsa, magalamu awiri kapena atatu pa tani imodzi ya mwala. Mvula ikagwa pa mapiri, madzi amanyambita miyala nasungunula pang'ono za m'kati mwake, monga momwe madzi amatengera mphamvu ya phulusa pamene amayi akutcheza chidulo. Madziwo amatsikira m'timifuleni, timifuleni m'mitsinje, mitsinje m'nyanja. Bua, Dwangwa ndi Kaombe amachita zomwezi chaka ndi chaka. Zimene atsitsa zimalowa m'nyanja ya Malawi, ndipo zina mwa izo zimatuluka ndi Shire, kukalowa mu Zambezi, mpaka kukafika m'nyanja yaikulu ya mchere ya India.

Kumeneko ndiye kumathero a ulendo, pakuti nyanja yamchere ilibe mtsinje wotulukamo. Dzuwa limakweza madzi okha kukapanga mitambo, koma mchere ndi zitsulo zosungunuka zimatsala. Zakhala zikutsala chotero kwa zaka zosawerengeka, ndipo ndicho chifukwa chake madziwo ndi owawa. Amene anafikapo ku nyanja ya Chilwa aona chitsanzo chaching'ono cha zimenezi: nayonso ilibe potulukira, ndipo madzi ake ali ndi kamchere, makamaka m'chilimwe ikamaphwa.

Yureniyamu ali ndi khalidwe lina limene liyenera kukumbukiridwa, pakuti lidzamvekanso kutsogoloku. M'madzi okhala ndi mpweya wa okosijeni, umene nsomba zimapuma, amasungunuka nayenda ndi madziwo. Akafika pamalo popanda mpweya umenewu, monga m'matope a zomera zovunda, amaleka kusungunuka nakhazikika pansi. Mgodi wa Kayelekera unabadwa motero. Kalekale madzi a pansi pa nthaka ankadutsa m'miyala yamchenga momwe munakwiririka zotsalira za mitengo ndi masamba, ndipo pamene anakumana nazo anatula katundu wawo pamalo amodzi.

WAMBIRI ZEDI, KOMA WOCHEPA ZEDI

Akatswiri anayeza madzi a m'nyanja zamchere m'mbali zambiri za dziko, napeza kuti muyeso wake ndi wofanana pafupifupi paliponse: mamiligalamu 3.3 a yureniyamu pa tani imodzi ya madzi. Manambala otere samveka msanga, choncho ndi bwino kuwaika m'zinthu za pakhomo. Tani imodzi ya madzi ndi migolo isanu ya malita 200, kapena ndowa 50 za malita 20. Munthu atawiritsa madzi onsewo mpaka kuphwa, angapeze mchere wokwana makilogalamu 35. M'kati mwa mulu wa mcherewo, yureniyamu angalemere ngati kachidutswa ka njere imodzi ya mpunga wa faya itagawidwa pasanu ndi kamodzi.

Koma nyanja zamchere ndi zazikulu koopsa, zimakuta magawo 7 mwa magawo 10 a dziko lapansi. Tizidutswa tonseto tikaphatikizidwa timakwana matani pafupifupi 4,500 miliyoni. Yureniyamu yense amene akudziwika kuti angakumbidwe pamtunda, kuphatikiza wa ku Australia, ku Kazakhstan, ku Canada, ku Namibia ndi ku Niger, safika matani 10 miliyoni. Ndiye kuti wa m'madzi amaposa wa m'migodi ka 500 kapena kuposerapo, ndipo angakwanire ng'anjo zonse za lero kwa zaka zikwi makumi angapo. Nchimene chimakopa maiko onga Japan, amene ali ndi ng'anjo zambiri, migodi alibe, koma nyanja yawazinga mbali zonse.

Vuto ndi kusonkhanitsa. Kuti munthu apeze kilogalamu imodzi yokha ayenera kusefa matani 300,000 a madzi, ndiwo ndowa 15 miliyoni, ndipo apo nkuti sanaphonye kanthu. Ng'anjo imodzi yaikulu imadya matani pafupifupi 200 pa chaka. Madzi okhala ndi yureniyamu wochuluka chotero ndi oposa onse amene Shire amatsitsa pa zaka zinayi. Kupopa madzi otere ndi injini kungathe mphamvu yambiri ndi ndalama zoposa phindu lake.

Phunziro limeneli anthu analiphunzira kale ndi golide. Itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse, katswiri wotchuka wa ku Germany, Fritz Haber, anataya zaka zingapo za m'ma 1920 akuyesa kutenga golide m'madzi a m'nyanja kuti dziko lake lilipire ngongole za nkhondo. Golide analimodi, koma wochepa kwambiri kuposa mmene ankayembekezera, ndipo ntchitoyo inalekeka.

MONO WOGWIRA CHITSULO

Asodzi a mu Bua amadziwa kuti wofuna mpasa sakapa mtsinje wonse. Amatchera mono pamene nsomba zimadutsa, madzi nkumapyola okha, nsomba nkumatsala. Nzeru yomweyi ndi imene akatswiri anafikapo: kuleka kupopa, ndi kuika m'nyanja chinthu chimene yureniyamu angakanirirepo pamene mafunde ndi mkokomo wa madzi zikudutsa.

Oyamba kuyesa mwakhama anali Angerezi a ku Harwell. Mu 1964, chaka chomwe Malawi analandira ufulu wodzilamulira, iwo analengeza kuti ufa wina wopangidwa kuchokera ku chitsulo cha titaniyamu umagwira yureniyamu wa m'madzi amchere. Nthawi imeneyo dziko la Britain linkaopa kuti migodi idzatha msanga. Koma migodi yatsopano inapezeka, mtengo unatsika, ndipo ufa uja unali ndi zovuta zake: unkagwira pang'ono, ndiponso unkaperepeseka nkumatayika m'madzi.

Ajapani anapitiriza. Mu 1986 anatsegula kafakitale koyesera ku Nio, pa chilumba cha Shikoku, kamene kanamangidwa kuti kazitulutsa makilogalamu 10 pa chaka. Kameneka kankapopa madzi, ndipo patapita zaka zochepa kanatsekedwa. Pambuyo pake anasiya ufa natembenukira ku ulusi wa pulasitiki, wa mtundu womwe uja amapangira zingwe ndi majumbo. Ulusiwo amaukonza ndi mankhwala kuti pakhungu pake pamere timanja tosaoneka ndi maso, totchedwa amidoxime. Timanja timeneti sitisamala mchere wamba, ngakhale ndi wochuluka chotero. Yureniyamu akadutsa timamugwira osamutaya. Ulusiwo ukakhala m'madzi mwezi umodzi kapena iwiri umasanduka wofiirira. Pamenepo amauvuula, nautsuka ndi asidi wosalimba kuti chitsulo chichoke, naubwezera m'nyanja. Madzi otsukirawo amawakonza mpaka patatsala ufa wachikasu, umene amalonda amautcha yellowcake, wofanana ndi umene umatuluka ku Kayelekera.

Pakati pa 1999 ndi 2001 anayesa njirayi pa nyanja yeniyeni, makilomita 7 kuchokera ku gombe la chigawo cha Aomori kumpoto kwa Japan. Anamiza nsalu za ulusi wotere zolemera makilogalamu 350 m'zikwere zazitsulo, ndipo masiku onse amene nsaluzo zinakhala m'madzi anakwana 240. Zimene anakolola ndi kilogalamu imodzi ya ufa wachikasu. Ndi kochepa, koma kanatsimikiza kuti zimatheka. Anaonanso kuti ndalama zambiri zinkathera pa zikwere ndi zoyandamitsa zake. Chotero anasintha naluka ulusiwo kukhala zingwe zazitali zamanyenje, zomangirira pa unyolo pansi pa nyanja, zoima chilili m'madzi ngati udzu wa m'dambo. Izi anaziyesa ku Okinawa kumene madzi ndi ofunda, ndipo zinagwira bwino koposa, pakuti kufunda kumafulumiza ntchitoyi.

Ku America ntchito yotere inakula kuyambira cha m'ma 2011, ku Oak Ridge ndi ku Sequim, pa gombe la chigawo cha Washington. Mu 2018 akatswiri a kumeneko anasonyeza magalamu 5 a ufa wachikasu umene anautenga ndi ulusi wamba wolukira majuzi, atauviika m'mankhwala. Dziko la China nalo linamanga pulatifomu yoyesera pa nyanja ya kumwera kwake, ndipo mu 2023 linalengeza za ntchitoyo. Cholinga chake ndi chakuti pofika 2050 lizitulutsa yureniyamu wa m'nyanja mosalekeza.

Zovuta zimene onsewa amakumana nazo msodzi aliyense angazimvetse. Chingwe chikakhalitsa m'madzi chimamera ndere ndi tizilombo, ndipo timanja tija timatsekeka. Mono sugwira mpasa zokha. Momwemonso ulusiwu umagwira zitsulo zina zosafunika, makamaka china chotchedwa vanadiyamu, chimene chimakanirira zolimba koposa yureniyamu mwini wake ndipo chimavuta kuchotsa. Kutsuka kulikonse kumafooketsa ulusi, kotero kuti ukagwira ntchito maulendo angapo umafuna wina watsopano. Ndipo mkuntho wa pa nyanja yamchere, umene Mwera ndi mwana chabe poyerekeza nawo, umadula zingwe ndi kuwononga mabwato.

Ulusi wabwino woyesedwa m'madzi enieni a m'nyanja umagwira magalamu 3 mpaka 6 pa kilogalamu imodzi ya ulusi pa miyezi iwiri. Ana a sukulu a makalasi apamwamba angathe kuwerengera okha chotsatira chake. Ngati kilogalamu ya ulusi igwira magalamu 5 pa ulendo umodzi, ndipo maulendo ndi 6 pa chaka, ndiye magalamu 30 pa chaka. Kuti ng'anjo imodzi ipeze matani ake 200, pafunika ulusi woposa matani 6,000 wokhala m'madzi chaka chonse, ndi zombo zouvuula ndi kuubwezera. Nchifukwa chake mawerengero onse amene apangidwa amasonyeza kuti yureniyamu wa m'nyanja ndi wokwera mtengo kangapo kuposa wa ku mgodi, ndipo mpaka lero palibe kampani imene ikumugulitsa pa msika.

NANGA NYANJA YA MALAWI?

Tsopano mafunso awiri aja angayankhidwe.

Nyanja ya Malawi ndi ya madzi ozizira, osati amchere, chifukwa ili ndi khomo lotulukira ku Mangochi. M'migolo isanu ya madzi ake zosungunuka zonse pamodzi sizifika ndi kilogalamu imodzi yomwe, pamene ya ku Beira ili ndi makilogalamu 35. Madzi a m'mitsinje ya pa dziko lapansi, powerengera pakatikati, amakhala ndi yureniyamu wochepa kakhumi poyerekeza ndi a m'nyanja yamchere. Palinso khalidwe lija lotchulidwa kale. Nyanja ya Malawi ndi yakuya mamita 700 kumpoto kwake, ndipo kupyola mamita 250 kunsi kulibe mpweya wa okosijeni, nchifukwa chake nsomba sizikhalako. M'madzi otere yureniyamu sakhalitsa ali wosungunuka, amakonda kukhazikika m'matope a pansi. Munthu wofuna kutchera ulusi wake angapite kumene kuli madzi amchere, ofunda, othamanga, ndi osatha. Kubwera nawo ku Sani kapena ku Chia kungakhale kutchera mono pa mtsinje wouma. Asodzi a ku Nkhotakota asade nkhawa kuti adzalandidwa madoko awo chifukwa cha ntchito imeneyi.

Za poizoni, muyeso ndiwo umanena. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linaika malire akuti madzi akumwa asapyole mamiligalamu 30 a yureniyamu m'migolo isanu ija. Ngakhale madzi a m'nyanja yamchere ali ndi gawo limodzi lokha mwa magawo 9 a malire amenewa. Kachitsulo kochepa kachilengedwe kotere anthu akhala akumwa ndi kudya m'zakudya chiyambire makolo. Koopsa ndi pamene yureniyamu wachuluka pamalo amodzi: akamwedwa wambiri amawononga impso, fumbi lake likapumidwa limavulaza mapapo, ndipo miyala yake imatulutsa mpweya wotchedwa radon umene umayambitsa khansa ya m'mapapo ukaunjikana m'malo otsekeka. Matenda amene amavutitsadi anthu a m'mbali mwa nyanja chifukwa cha madzi ndi likodzo, kolera ndi kutsekula m'mimba, ndipo mankhwala ake ndi chimbudzi, mjigo, ndi kuwiritsa madzi kapena kuthiramo kolorini.

CHIMENE CHIKUKHUDZA DZIKO LINO

Ngati pali malo pamene nkhani ya yureniyamu imakumanadi ndi nyanja ya Malawi, ndi ku Karonga. Mwala wa ku Kayelekera, makilomita 52 kuzambwe kwa boma la Karonga, unapezedwa mu 1982 ndi bungwe la magetsi la ku Britain la Central Electricity Generating Board, limene linauyeza kwa zaka zingapo nkuusiya chifukwa mtengo unali wotsika. Kampani ya ku Australia ya Paladin inapangana ndi Boma mu 2007, chaka chimene mtengo unakwera kupyola madola 130 pa paundi imodzi, ndipo Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegula mgodiwo mu Epulo 2009. Mwala wabwino wa pamenepo unkapereka pafupifupi kilogalamu imodzi pa tani, ndiko kuti tani imodzi ya mwala inali ndi yureniyamu wolingana ndi wa m'matani 300,000 a madzi amchere. Pa zaka zisanu mgodiwo unatulutsa matani pafupifupi 5,000 a ufa wachikasu, umene unkanyamulidwa pa malole kudzera ku Zambia mpaka ku doko la Walvis Bay ku Namibia. Zonse zimene zatengedwa m'nyanja ndi maiko onse chiyambire 1964 ndi makilogalamu owerengeka chabe.

Koma mu Malichi 2011 chivomezi ndi chigumula cha m'nyanja zinawononga ng'anjo za ku Fukushima ku Japan. Dziko la Japan linazimitsa ng'anjo zake, Germany anaganiza zosiyiratu, ndipo mtengo wa yureniyamu unagwa. Mu 2014 mgodi wa Kayelekera unaima, antchito mazanamazana nabwerera kumudzi. Ngozi yochitika kutsidya kwa dziko inazimitsa moto m'makhitchini a ku Karonga. Mu 2020 mgodiwo unagulidwa ndi kampani ina ya ku Australia ya Lotus Resources, Boma la Malawi likusungabe magawo 15 pa 100 alionse. Kumayambiriro kwa 2024 mtengo unapyolanso madola 100 pa paundi, ndipo chaka chotsatira ntchito inayambanso.

Apa ndi pamene ulusi wa ku Japan ndi ku China ukukhudzira Mmalawi. Tsiku limene yureniyamu wa m'nyanja adzatsike mtengo kufika pafupi ndi wa ku mgodi, palibe wogula amene adzalole kulipira kuposa pamenepo, pakuti nyanja ndi ya aliyense amene ali ndi gombe. Tsikulo silili pafupi, ndipo moyo wa mgodi wa Kayelekera, umene akuuwerengera kuti ndi zaka pafupifupi 10, ukhoza kutha lisanafike. Koma dziko lino lili ndi yureniyamu kwinanso, monga ku Livingstonia ndi ku Kanyika m'boma la Mzimba, ndipo amene amapangana ndi makampani m'dzina la anthu ayenera kudziwa kuti mwala wa pansi sukwera mtengo mpaka kalekale. Fodya ndi amene ali pamphuno: phindu la mgodi ndi misonkho, ntchito, misewu ndi zipatala zimene zaoneka mgodiwo ukadali wotsegula.

Chinthu chachiwiri ndi madzi. Mgodi wa Kayelekera uli pafupi ndi mtsinje wa Sere, umene umathira mu North Rukuru, ndipo North Rukuru amathira m'nyanja pafupi ndi Karonga. Mwala ukaperedwa ndi kutsukidwa ndi asidi, pamatsala matope ambiri amene amasungidwa m'damu, ndipo amakhala ndi cheza choopsa kwa zaka zikwi zambiri kampani itapita kale. Mu Januwale 2015 mvula yamkuntho inawononga thanki ina pamgodipo ndipo nkhaniyo inautsa mantha ku Karonga. Kampani inanena kuti zotayika zinali zochepa ndipo mitsinje sinawonongeke, pamene mabungwe oimira anthu anapempha kuti madziwo aziyezedwa ndi anthu oima paokha. Kuchokera ku Karonga kufika ku Nkhotakota ndi makilomita oposa 300, ndipo nyanja ili ndi madzi ochuluka osungunula zambiri, kotero oyamba kukhudzidwa pa ngozi yotere angakhale a m'mbali mwa Sere ndi North Rukuru. Koma usipa sudziwa malire a maboma, ndipo mbiri yoipa ya nsomba za m'nyanja ingagwetse malonda pa doko lililonse, ngakhale pamene madzi ali bwino. Pempho lakuti madzi a m'mitsinje imeneyi aziyezedwa nthawi ndi nthawi, zotsatira zake nkumauzidwa kwa anthu m'chinenero chawo, ndi loyenera, ndipo ndi la anthu a ku Nkhotakota monga lilili la a ku Karonga.

Lamulo la zimenezi lilipo. Malawi analowa m'bungwe la maiko loona za mphamvu ya atomu la International Atomic Energy Agency mu 2006, ndipo mu 2011 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo limene linabala bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority. Bungwe limeneli ndilo limapereka zilolezo ndi kuyendera malo onse okhala ndi zinthu zotulutsa cheza, kuyambira ku mgodi mpaka ku makina ojambulira m'chipatala. Munthu wamba saloledwa kusunga kapena kugulitsa zinthu zotere popanda chilolezo. Wina akabwera m'mudzi ndi mwala kapena botolo nati ndi yureniyamu wa ndalama zambiri, anthu asagule, asatsegule ndiponso asasunge m'nyumba. Auze nyakwawa ndi apolisi. Ufa wachikasu ulibe msika wa pansi pa mtengo, umagulidwa ndi makampani ochepa odziwika, mbiya iliyonse italembedwa m'kaundula.

KWA APHUNZITSI

Phunziro ili lingaonetsedwe m'kalasi ndi zinthu za pakhomo. Mphunzitsi atenge mapoto awiri oyera. M'poto mmodzi athire lita imodzi ya madzi a m'nyanja osefedwa ndi kansalu, mwa winayo lita imodzi ya madzi omwewo atasungunuliramo masupuni aakulu awiri a mchere, umene ndi muyeso woyandikira wa nyanja ya ku Beira. Onse awiri aphwetsedwe pamoto. Ana adzaona kuti poto woyamba watsala ndi kachifunga koyera kokha, pamene wachiwiri wayanga mchere. Pamenepo awauze kuti yureniyamu wa m'poto wachiwiriyo, akanakhala madzi enieni a ku Beira, akanachepa ka 10 miliyoni poyerekeza ndi mchere umene akuuonawo.

Za ulusi zingaonetsedwe ndi tiyi. Athire kapu imodzi ya tiyi wakuda wopanda mkaka m'ndowa yodzaza madzi, kotero kuti mtundu wake usaoneke bwino, namizemo kachingwe ka thonje loyera kolukidwa, ndi kena ka nayiloni ya ukonde. Ana azivundula madziwo m'mawa ndi masana kwa masiku atatu, kenaka avuule zingwezo, aziyanike, ndi kuziyerekeza ndi zidutswa zimene sizinamizidwe. Alembe m'makope awo chingwe chimene chasintha mtundu koposa, ndipo ayesenso kachiwiri ndi madzi ofunda.